Walira Bakha Walira Matope

Apongozi anga aakazi anafika Loweruka lina mu June, pa kabaza, atafunda chitenje mpaka kumutu chifukwa cha mphepo, katoni ya sopo ili pamiyendo. Katoniyo inali yobowolabowola ndi msomali, ndipo inkalira. Ine ndi iwo timapatsana ulemu wa mkamwini ndi mpongozi, sitiyang'anizana m'maso, choncho katunduyo anapatsira mwana wawo, koma mawu ankalunjika kwa ine amene ndinali chapatali. "Muwauze bambo akunowa kuti paja ankadandaula nkhono m'dimba. Asilikali awo ndi awa."

M'katonimo munali tiana ta bakha 8, tachikasu, tina tamawanga akuda pamsana, tosakwana ndi mlungu womwe. Make anagwidwa ndi galu kumudzi, chakufupi ndi Kachulu ku nyanja ya Chilwa, ndiye apongozi anaona kuti kusiyana n'kuti akhwangwala atolere kamodzikamodzi, bola tibwere ku tauni kwa mkamwini wokonda zoweta.

Ife timakhala ku Zomba, kumunsi kwa phiri, pa poloti yaing'ono. Kuseri kwa nyumba kuli mabedi 6 a mpiru, repu, chayinizi, tomato ndi anyezi, phata la nthochi pakona, ndi khola la nkhuku. Nthawi imeneyo nkhuku zinalipo 12: zachikuda 9, kuphatikizapo tambala wofiira wodzimva, ndi zakuda 3 za Mikolongwe. Abakha ndinkawafunadi, sindikana. Nkhono zinkandimalizira nazale usiku umodzi. Komanso chaka chapitacho, dzuwa la October litafika poswa mtengo, chitopa chinasesa nkhuku zanga kutsala 2, pomwe abakha a anthu ena kutsidya kwa msewu ankangoyenda nyang'anyang'a ngati palibe chachitika. Mumtima ndinati mbalame yosamva chitopa ndi imene ndikuifuna.

Cholakwa changa chinali chimodzi, ndipo zina zonse zinabadwa kwa icho. Ndinkayesa bakha ndi nkhuku ya mlomo wophwatalala. Nkhuku ndaweta kuyambira ndili mwana, ndiye ndinkati chachilendo n'chiyani pamenepa.

Madzulo omwewo ndinatenga tiana tija n'kukatiika kwa thadzi lina limene linali ndi anapiye a masiku 4, poganiza kuti mayi ndi mayi. Thadzilo linayang'ana ndi diso limodzi, n'kutembenuka kuyang'ana ndi linalo, kenako jomph! pamutu pa kamene kanali patsogolo. Ndinachotsa msangamsanga. Apongozi, ali pa mphasa kukhonde, anauza mwana wawo kuti nkhuku ukafuna ikulerere abakha umaipatsa mazira, iswe yokha, osati kuipatsa ana oswa kale amene akulira chinenero china. Tiana tinabwerera m'katoni, katoni inalowa m'khitchini. Kunja kunali chiperoni, mvula yowaza ija yosadziwika ngati ndi mvula kapena nkhungu, ndipo magetsi anali atathima. Tinathira madzi otentha m'botolo, kulikulunga ndi sikipa yakutha, n'kuliika pakati pa katoni. Tonse 8 tinaunjikana pamenepo n'kukhala zii. Phokoso la tiana totere ndilo limakuuza: tikamalira mosalekeza titapanikizana pakona, kwazizira, tikabalalika, kukamwa yasa, kwatentha.

Lamulungu apongozi anabwerera. Lolemba dzuwa linatuluka, ndipo ine ndi mwana wathu wamkazi, amene anali sitandade 3, tinagwirizana kuti abakha ndi a m'madzi, tiwachitire chifundo. Tinadzaza beseni lochapira n'kuwaponyamo. Zinali zokoma kuona, akupalasa timiyendo, kumira n'kutulukira uko. Kenako foni inalira, ndinalowa m'nyumba, mwana anaitanidwa ndi anzake. Sindikhulupirira kuti panadutsa mphindi 20. Pobwerera ndinapeza onse atanyowa mpaka pakhungu, ubweya utamata thupi, akuyesa kukwera m'mbali mwa beseni loterera n'kumagweranso. Kamodzi kanali katamira kale. Kena tinakapukuta, kukafunditsa pafupi ndi mbaula, koma kanafa usiku.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti bakha sanyowa chifukwa cha mafuta. Pamwamba pa mchira pali kathumba kotulutsa mafuta, ndipo mukaona bakha akudzikanda ndi mlomo kumchira kenako n'kumadzisisita thupi lonse, ndiye kuti akudzola. Kamwana kongoswa kumene sikanayambe kudzola mokwanira, ndipo kalibe nthenga zenizeni, kali ndi ubweya wokhawokha umene umamwa madzi ngati thonje. Kakakhala ndi make kamapakidwako mafuta pogona kunsi kwa mapiko, ndiponso make amadziwa nthawi yotulutsa ana m'madzi n'kuwafungatira kuti aume. Anga anali amasiye, ine n'kuwasiya m'madzi ozizira a mu June, m'beseni lopanda potulukira. Mwana analira tsiku lonse. Mayi ake sananene kanthu, ndipo kusanena kwawoko kunandipweteka kuposa kukalipa.

Mantha anandipititsa mbali ina. Ndinachotsa madzi onse, n'kumangowapatsa pang'ono m'chivundikiro cha botolo kawiri pa tsiku, chakudya chili chouma. Posakhalitsa ndinaona tikutsamwa, tikupukusa mitu, maso akuchita manthongo, timabowo ta mphuno titatsekeka ndi gaga. Nkhuku imajompha chakudya, n'kupita kukamwa nthawi yake, kutapa dontho n'kuyang'ana kumwamba. Bakha amatapa chakudya chodzaza mlomo n'kuthamangira kumadzi kuti akameze, n'kubwereranso, ulendo wa uku ndi uku mpaka atakhuta. Amafunanso kumiza mutu wonse kuti atsuke mphuno ndi maso. Kusambira angathe kudikira. Kumiza mutu sangadikire.

Yankho linachokera kwa mayi a kunyumba, amene anatenga chigubu cha mafuta ophikira cha malita 5, kuchigoneka cham'mbali, n'kuboola ndi mpeni wotentha mabowo atatu oti mutu ulowe koma thupi likanike. Tinkakulitsa mabowowo mlungu ndi mlungu, chifukwa tinthu timeneti timakula ngati tikupopedwa. Pofika milungu 3 tinali titaposa kale anapiye a thadzi lija kawiri. Kusamba tinayambiranso pambuyo pake, masana dzuwa likuswa, m'thireyi yosaya ya madzi ofunda, mphindi zochepa, munthu ali pomwepo.

Za matope ndinene pano, chifukwa aliyense amene akufuna abakha ayenera kumva asanagule. Bakha akapeza madzi oyera, ntchito yake yoyamba ndi kuwadetsa. Amatapa dothi n'kukalisukuluza m'madzi, n'kutapa madzi kukathira padothi, kenako n'kuyamba kubowola pansi ndi mlomo pofunafuna tizilombo, mpaka pamene panali bwalo losesedwa bwino pasanduka chithaphwi. Chitosi chake n'chamadzimadzi ndipo sachiumira. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ine ndinalira bakha.

Mlungu wachinayi kunabwera vuto lina. Awiri mwa 6 otsalawo anayamba kuyenda pang'ono n'kukhala pansi, kuyenda pang'ono n'kukhala pansi. Miyendo inkanjenjemera, ina ikuchita matewe. Ndinkawadyetsa madeya a kuchigayo osakaniza ndi chakudya chogula cha anapiye chotchedwa sitata pang'ono, monga ndimachitira ndi anapiye ndalama zikavuta, ndipo anapiye sanadandaulepo. Ndinapita kwa alangizi a ziweto a dera lathu, bambo wodekha amene amayamba waseka asanakuyankhe. Anandifunsa chimene ndikudyetsa. Nditawauza anati, "Achimwene, mukumanga nyumba ya nsanjika pa maziko a kitchini."

Nkhani yake ndi vitamini B3, amene akatswiri amamutcha niacin. Tiana ta bakha timamufuna wochuluka, pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi anapiye, ndipo akachepa miyendo ndiyo imayamba kugonja chifukwa thupi likulemera mofulumira. Chimanga chili naye vitamini ameneyu, koma womangika mwakuti thupi limalephera kumutenga. Izitu si za abakha okha. Munthu wodalira chimanga chokhachokha popanda ndiwo zokwanira amadwala pellagra, matenda amene khungu limada n'kumasendeka m'khosi ndi m'manja momwe mumawomba dzuwa. Kuno kwathu anavuta kwambiri mu 1989 ndi 1990 pakati pa abale athu othawa nkhondo a ku Mozambique, m'misasa ya kum'mwera monga ku Nsanje, pa nthawi imene mtedza unasowa pa chakudya chimene ankalandira. Bambo anga ankakamba za nthawi imeneyo, koma sindinaganizepo kuti ndidzaikumbukira nditanyamula kabakha kopuwala m'manja.

Alangizi anandiuza kugula ufa wa mavitamini wothira m'madzi akumwa, umene umapezeka m'masitolo a zaulimi, ndi kuwonjezera ndiwo pa chakudya. Ndinayamba kugula fumbi la matemba, zotsalira za pansi pa dengu zimene amayi a pamsika amagulitsa motchipa, n'kumasakaniza ndi madeya, soya wokazinga wogaya, ndi masamba oduladula a bonongwe ndi chisoso. Chiswe chikapezeka, phwando. Patatha masiku 10 mmodzi anawongokeratu. Winayo mpaka lero amayenda mopendama pang'ono, ndipo mwana wathu anamutcha Kabaza.

Nditamva kuti mtedza uli ndi vitamini ameneyu wambiri, nzeru za umphawi zinandibwerera. Kunyumba kunali ndowa ya mtedza wosankhidwa, wonyala ndi wakuda uja umene amayi amataya posankha wosinjira. Ndinati ndigaye umenewu. Mwamwayi ndinatchula kwa alangizi aja tisanasiyane, ndipo ulendo uno sanaseke. Mtedza ndi chimanga zochita chuku zimakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo pa mbalame zonse zoweta, tiana ta bakha ndi timene sitipirira naye ngakhale pang'ono. Poizoniyu anadziwika mu 1960, nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England chifukwa cha chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil, ndipo nthawi yomweyo tiana ta bakha tinkafanso ku Kenya ndi ku Uganda ndi vuto lomwelo. Kwa zaka zingapo pambuyo pake, akatswiri akafuna kudziwa ngati chakudya chili ndi poizoniyu ankadyetsa kabakha ka tsiku limodzi n'kuona chiwindi chake. Ife timakonda kunena kuti chowola n'cha nkhuku. Nkhuku yaikulu imapirirako, ngakhale nayonso imavulala mkati. Kabakha kamangofa. Kuchokera tsiku limenelo madeya ndimayamba ndanunkhiza ndisanagule, ndipo onyowa kapena oumbika mibulu ndimawasiya pachigayo pomwepo. Chakudya chonyowetsa chikatsala m'mbale sichigona.

Alangizi aja anandichotsanso maganizo ena olakwika. N'zoona kuti abakha kawirikawiri saonetsa zizindikiro za chitopa, koma angathe kutenga kachilomboko n'kumakafalitsa ali bwinobwino. Abakha amene ndinkawasirira kutsidya kwa msewu aja, sindingalumbire kuti analibe mbali pa maliro a nkhuku zanga. Choncho asanasakanikirane ndi nkhuku, nkhuku zonse zinalandira katemera wa chitopa wotchedwa I-2, dontho limodzi m'diso, ndipo ndimabwereza miyezi 4 iliyonse. Mbalame iliyonse yachilendo, kaya yachokera kumsika kaya kwa apongozi, imayamba yakhala payokha milungu iwiri kapena itatu.

Kudziwana kwenikweni kunayamba ali ndi milungu 5. Ndinatchinga kachigawo ka bwalo ndi waya wa nkhuku, pamwamba n'kuyala neti yakale ndi nthambi chifukwa cha mphamba ndi akhwangwala, kuti azionana popanda kukhudzana. Masiku oyamba nkhuku zinkazungulira wayayo makosi ali m'mwamba, tambala akukokera phiko pansi. Pofika tsiku lachisanu zinatopa nazo n'kubwerera kokapalasa. Ndinadikirabe mpaka nthenga zitaphimba chifuwa ndi msana, ali ndi milungu 7, ndipo kukula kwawo kutafanana ndi msoti. Ndinatsegula madzulo, ola limodzi dzuwa lisanalowe, nditamwaza chakudya malo atatu otalikirana kuti pasakhale pomenyerana.

Nkhuku zili ndi ufumu wawo. Iliyonse imadziwa imene ingaijomphe ndi imene iyenera kuipatsa njira, ndipo mlendo amayambira pansi. Abakha za ufumuwo analibe nazo ntchito. Anatuluka pamzere, 6 onse, n'kulunjika pa mbale. Thadzi lalikulu la Mikolongwe linajompha wotsogolera. Iye anangopukusa mchira n'kupitiriza kudya, anzake n'kufika kumbuyo kwake monga gulu, mpaka thadzi linadzipeza lili kunja kwa bwalo la mbale yake yomwe. Tambala anayesa kawiri, n'kuona kuti ulemu wake uthera pamenepa, ndipo kuyambira pamenepo amachita ngati sakuwaona. Magazi sanatuluke. Ndikuganiza kuti ndikanawatulutsa ali aang'ono, nkhani ikanakhala ina.

Chimene chinavuta si ndewu ayi, koma madzi omwe aja. Mbale ya madzi a nkhuku inkasanduka phala pasanathe mphindi 10, ndipo nkhuku sizikonda madzi akuda. Ndinaikweza pa njerwa zitatu pomwe nkhuku zimadumphira mosavuta, abakha n'kuwaikira beseni lawo kutali, pafupi ndi nthochi, m'kati mwake muli njerwa yopondera potuluka. Njerwayo ndi ya anapiyenso, chifukwa kamwanapiye kakagwera m'beseni la abakha sikatuluka. Madzulo alionse madzi akudawo ndimathira pa nthochi ndi pa mapapaya, ndipo nthochizo sizinaberekepo mikoko ngati ya chaka chino. Pa masamba odya osaphika, monga tomato wakupsa ndi letesi, sindithirapo.

Kugona ndinayesa kuwaphatikiza mlungu umodzi n'kuleka. Nkhuku zimakwera pa mitengo, abakha aang'ono amagona pansi, ndiye m'mawa ankatuluka atanyeredwa pamsana. Pansi pa khola panayamba kunyowa, fungo loswa mphuno, ndipo chinyezi chotere ndicho chimabweretsa chifuwa ndi kamwazi kwa nkhuku. Usikunso bakha sagona tulo tamtundu umodzi ngati nkhuku, amadzuka, kuyendayenda, kusokosa. Ndinawamangira kakhola kawo ka pansi, ka njerwa ndi waya, kopita mphepo, n'kuyalamo mankhusu a mpunga amene kuno savuta kupeza chifukwa cha minda ya ku Domasi ndi ku Likangala. M'kati simulowa madzi kapena chakudya. Kuzungulira kunja ndimawaza phulusa poopa linthumbu. Mankhusuwo akanyowa amapita pa dzenje la manyowa.

Tsopano za nkhono, zimene zinayambitsa zonsezi. Apongozi sananame. Mvula yoyamba itagwa mu November, ndinatsegula chitseko cha dimba n'kuwalowetsa. Ankalowetsa milomo pansi pa udzu wophimbira mabedi, m'mphepete mwa njerwa, kunsi kwa masamba ogwa, n'kumatulutsa tinkhono, nyongolotsi, mphutsi ndi ziwala. Tating'ono amameza ndi chigoba chomwe. Zikuluzikulu zija zimawakanika, ndiye ndimaziphwanya ndi mwala n'kuwaponyera. Ntchentche amazithamangitsa khosi litatambasuka ngati mwana wothamangitsa gulugufe. Ndinaima pamenepo ndikumwetulira ngati mwini esiteti.

Mawa lake ndinawalowetsanso n'kupita kuntchito. Pobwera ndinangoti kakasi. Chayinizi yense anali atatsala mitsitsi ndi timapesi. Nazale ya tomato inali yosalala ngati papita chigudumu. Nkhuku ndi bakha onse amawononga dimba, koma mosiyana. Nkhuku imapalasa, kufukula mbewu ndi kumwaza manyowa. Bakha sapalasa, koma mapazi ake ophwatalala amapondereza mbande, ndipo masamba ofewa amawamwetula ngati mbuzi. Anyezi sanawakhudze. Tomato wamkulu womangirira pa mitengo anangomudutsa pansi. Chimanga chofika m'chiuno analibe nacho kanthu.

Lamulo limene ndinakhazikitsa ndi ili, ndipo likugwirabe. M'dimba amalowa m'mawa kwambiri kapena madzulo, pamene nkhono zatuluka, kwa theka la ola, ine ndili pomwepo ndi khasu langa. Amalowa atadyako kale kuti asafike ndi njala ya masamba. Nazale ndi mabedi a masamba anthete ndinatchinga ndi kampanda ka bango kofika m'mawondo, kamene nkhuku ingadumphe koma bakha wokhuta amangokazungulira. Bedi likatha kukololedwa ndimawasiyira masiku awiri kuti alisese ndisanabzalenso. Nkhono sizinathe, ndipo amene angakuuzeni kuti zimatha akukunamizani, koma nazale tsopano imafika pookera.

Ndinkayesa abakha oweta sauluka. Tsiku lina m'mawa aneba anagogoda pachipata. "Achimwene, alendo anu ali padenga panga, ndipo madzi a padengapo ndi amene timatungira m'diramu." Anali aakazi awiri, atakhala pamwamba pa malata ngati nkhunda. Ndinapepesa, ndinatsuka diramu, ndipo madzulo ake ndinadula nsonga za nthenga zazitali za phiko limodzi pa aliyense. Limodzi lokha, kuti akafuna kunyamuka azipendama. Sizipweteka ngati nthengazo zakhwima, n'chimodzimodzi kuwenga zikhadabo, koma zimameranso akasosoka ndiye umayenera kubwereza. Pogwira bakha samalani zikhadabo zake. Ndili ndi chipsera pamkono chochitira umboni.

Pofika December zinali zoonekeratu kuti pa 6 paja amphongo ndi atatu. Anali aakulu pafupifupi kawiri kuposa aakazi, nkhope zitachita zinthuza zofiira psuu, ndipo salira ngati abakha a m'mabuku a sukulu, amangofwenthera ngati tayala likuphwa, mutu ukupita kutsogolo ndi kumbuyo. Amphongo atatu pa aakazi atatu ndi nkhondo. Ankamenyana okhaokha, aakazi anasosoka nthenga za kumbuyo kwa khosi, ndipo tsiku lina ndinapeza wamkulu wa onse atapanikiza thadzi la nkhuku pansi pafupi ndi beseni.

Apa pasakhale nthabwala. Tambala alibe chiwalo cholowetsa, pokwera thadzi amangogunditsa malo otulukira basi. Bakha wamphongo ali nacho, chachitali ndi chopotana, ndipo thupi la nkhuku silinapangidwire zimenezo. Angathe kuivulaza mkati mpaka kufa, kuwonjezera pa kulemera kwake kumene kungathyole msana kapena kuimiza ngati zachitikira pamadzi. Thadzi langa linapulumuka chifukwa ndinali pafupi ndi tsache. Mphongo imodzi imakwana aakazi 4 kapena 5, ndipo ikakhala ndi akazi ake okwanira nthawi zambiri nkhuku imazisiya. Khirisimasi inali pafupi, choncho mlanduwo sunachedwe kuweruzidwa. Mmodzi tinadya, wina tinatumiza kwa apongozi ali wamoyo. Nyama yake ndi yofiirira, yokhathamira ngati ya ng'ombe, yosachuluka mafuta, koma kusosola kwake n'chilango. Mayi a kunyumba sanadye. Kwawo anakula akumva kuti nyama ya bakha imadzutsa ziwengo, ndipo ngakhale iwo eni amaseka akamanena, mbale yawo inali ya nkhuku. Mwana anadya atatsimikizira kaye kuti si Kabaza.

Mu January, Kabaza yemweyo anayamba kusowa m'mawa. Tinamupeza kuseri kwa mulu wa nkhuni, atakonza chisa, m'kati muli mazira akuluakulu, oyera motuwira. Atakwana 13 anadzisosola nthenga za pachifuwa n'kuyala, n'kukhalapo. Ndinalemba tsiku pa kalendala. Ndinatchinga malowo ndi lata chifukwa cha mvula, ndiponso kuti nkhuku zisamakaikire mazira awo momwemo, poti dzira la nkhuku limaswa pa masiku 21 ndipo likanasokoneza zonse. Kamodzi pa tsiku ankatuluka, kufunditsa mazira ndi nthenga zija, kudya mothamanga, chubwi m'beseni, n'kubwerera nthenga zili zonyowa.

Ndinali nditawerenga kuti mazira a bakha amaswa pa masiku 28. Tsiku la 28 linafika, zii. La 30, zii. La 31 ndinauza mayi a kunyumba kuti mazirawa ndi osukusa, ndikataye asanaphulike, mbalame ingafe ndi njala pachabe. Iwo anaimbira foni kumudzi, ndipo ndinamva mawu a apongozi akutuluka pa sipika. "Muwauze bambowo asakhudze. Bakha amatha mwezi ndi mlungu. Kodi akuthamangira kuti?"

Tonse tinkanena zoona, koma za abakha osiyana. Masiku 28 ndi a abakha olira kwe kwe aja, monga Pekin woyera ndi Khaki Campbell woikira mazira ambiri, amene makolo awo ndi bakha wakutchire wa kumpoto kwa dziko lapansi. Abakha amene ali mbwee m'midzi mwathu, a nkhope zofiirawa, ndi mtundu winawina wotchedwa Muscovy, ndipo amafungatira masiku 35. Dzinalo limamveka ngati la ku Moscow koma alibe nako chibale. Kwawo ndi ku Mexico mpaka ku South America, kumene anthu ankawaweta kale azungu asanafikeko. Ndiye kuti anachokera mbali imodzi ndi chimanga, chinangwa ndi mtedza, zinthu zimene timaziyesa zamakolo athu. Kutchire amagona m'mitengo ndi kuikira m'mphako, n'chifukwa chake ali ndi zikhadabo zija ndipo amakonda madenga a aneba. Kusiyana kwake ndi abakha enawo n'kwakukulu mwakuti ukawakweranitsa, ana ake amakula bwino koma sabereka.

Tsiku la 34 madzulo ndinagwada pafupi ndi nkhuni zija n'kumva kulira kochokera m'kati mwa mazira. Kabaza anandifwenthera, khosi litafufuma, ndipo ndinabwerera chafutambuyo. La 36 m'mawa anatuluka, akupendama monga mwa kuyenda kwake, kumbuyo kwake kuli mzere wa tiana 11. Mazira awiri anatsala. Nkhuku zinaimika makosi. Thadzi la Mikolongwe lija linayandikira, iye anangotsitsa mutu n'kutambasula mapiko, ndipo linakumbukira kuti lili ndi zochita kwina.

Anadutsa pakati pa bwalo n'kulunjika ku nthochi. Usiku wake ndinali nditachotsa beseni lakuya n'kuikapo thireyi yosaya, njerwa m'kati, thabwa lokwerera kunja. Iye analowa, tiana n'kumatsatira kamodzikamodzi, chubwi, chubwi. Mwana wathu anandigwira dzanja mwamphamvu. "Adadi, atulutseni, amira ngati aja."

Ndinamuuza kuti tidikire kaye, koma nanenso phazi limodzi linali kale kutsogolo. Sipanathe mphindi 5, Kabaza anatuluka yekha, kudzikung'untha, n'kuitana motsitsa mawu. Tonse 11 tinakwera pa njerwa n'kutsika, ndipo anakakhala nato padzuwa pafupi ndi khoma la khitchini, mapiko atatambasula. Tinawerenga timiyendo timene tinkaonekera kunsi, kenako mwana anathamanga kukatenga foni ya mayi ake kuti awauze agogo.